Stopcock ikauma m'nyumba yakale: mmene mungaimasulire osaithyola

Paipi ikaphulika m'nyumba, munthu sakhala ndi nthawi yoganiza. Amathamangira pa stopcock, kampopi kamkuwa kaja kamene kamatseka madzi a nyumba yonse, n'kugwira chogwirira chake kuti atseke. M'nyumba zambiri zakale, ndi pa nthawi imeneyi pamene munthu amatulukira kuti kampopiko kanauma kalekale. Apotokola ndi manja, osatheka. Atenga bobojani, osathekabe. Alowetsa chipaipi kuchigwiriro cha bobojaniyo kuti mphamvu ichuluke, kenako angomva kuti thyo! Chogwirira chatsala m'manja, madzi akungokhuthukabe.

Ine zinandionekera ku Zomba, m'nyumba ina mwa zija zinamangidwa mzindawu udakali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Tinakhalamo zaka zinayi osakhudzako stopcock ngakhale kamodzi, chifukwa panalibe chotichititsa. Usiku wina paipi yolowetsa madzi m'thanki ya chimbudzi inadukira pa mazinga. Madzi a ku Zomba amatsika kuchokera kuphiri, kudamu la Mulunguzi, ndipo usiku anthu akagona mphamvu yake imakwera kwambiri. Pamene bambo oyandikana nafe nyumba ankabwera ndi tochi kudzatilozera valavu ya kunja, yomwe inali itakwiririka ndi dothi pafupi ndi mpanda, mphasa ndi mabuku a ana zinali zitanyowa kale. Kuyambira tsiku limenelo ndamasula ma stopcock angapo, kwathu ndi kwa abale, ndipo ndaona kuti ambiri amene amathyoka amathyoledwa ndi munthu amene ali pachangu.

Ngati madzi akutayika panopa

Yesani kutseka ndi manja kawiri kapena katatu, mukutembenuzira kumene imalowera mivi ya wotchi. Onetsetsani bwino mbaliyo, chifukwa munthu akasokonezeka amapotokolera kotsegulira, n'kumaikanikiza stopcock pomwe inagwirira kale. Ikakana, isiyeni. Thamangirani pa mita: nthawi zambiri pamakhala valavu ina pambali pake, ndipo imeneyo ndi yomwe ingakupulumutseni.

Pamene wina akufufuza valavuyo, wina atsegule mpopi wa panja ndi wa m'bafa mpaka kumapeto. Madzi akapeza njira zambiri zotulukira, mphamvu yake pamalo pophulikapo imachepa. Tcherani ndowa kuti madziwo asapite pachabe. Ngati madzi akuyandikira masoketi kapena akuchucha kuchokera kudenga, zimitsani magetsi pa main switch, manja anu ali ouma ndipo simunaime m'madzi. Giza nayo izimitsidwe, chifukwa ikatha madzi magetsi ali oyaka, element yake, chitsulo chotenthetsera madzi chija, imapsa. Pophulikapo kulungani malegeni mokoka kwambiri, mzere pamwamba pa mzere. Malegeni sakonza paipi koma amagwira mpaka kuche. Zikalephereka zonsezi, imbani ku ofesi ya madzi ya m'dera lanu kuti adzatseke kuchokera kumsewu.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa. Mita ndi paipi yochokera kumsewu kudzafika pa mitayo ndi za bungwe la madzi, kaya ndi Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board kapena mabungwe atatu a m'zigawo aja. Zanu zimayambira pamene madzi atuluka mu mita kulowera kunyumba. Musamasule mita, musadule kawaya kachidindo kamene amamangirirapo, ndipo valavu ya mbali ya kumsewu ikakhala kuti nayo yauma, musalimbane nayo ndi bobojani. Ikathyoka imeneyo mulibenso potsekera, ndipo mlandu wake ukhala wanu.

Chimene chimaiumitsa

Kuti mumasule chinthu osachiwononga, dziwani kaye mmene chinapangidwira. Stopcock yakale ili ngati mpopi wa pa sinki, kungoti yakhala pakati pa paipi. Pamwamba pali chogwirira chopingasa. Chogwiriracho chili pa kamtengo kamkuwa kamene amisiri amati spindle, komwe kali ndi mazinga m'kati. Mukatembenuza, spindle imatsika n'kukanikiza washala wa mphira pakhomo lodutsira madzi. Pamene spindle imatulukira kunja pali kanati kakang'ono, gland nut, kamene kamapanikiza ulusi wozungulira spindle kuti madzi asatulukire m'mbali. Pansi pa kanatiko pali nati yaikulu imene imagwira mutu wonse wa stopcock. Manati awiriwa musawasokoneze: kakang'ono mungathe kukamasula pang'ono madzi alipo, koma yaikuluyo mukaimasula madzi asanatsekedwe kumtunda, mutu wonse ufwamphuka ndipo nyumba idzaza madzi.

Chifukwa chachikulu choumira n'kusagwiritsidwa ntchito. Mpopi wa kukhitchini umatsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, choncho mazinga ake sapeza mpata wogwirana. Stopcock imatha zaka khumi osakhudzidwa. Pa zaka zimenezo timadzi tochepa timadutsa pa ulusi uja, n'kumauma, n'kumasiya zoyera zolimba ngati zija zimamatirira m'ketulo. Kumene madzi ndi a pa mjigo kapena amchere, monga madera ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje, zimenezi zimachitika msanga. Onjezanipo dzimbiri lochokera m'mapaipi achitsulo a galvanised amene ali m'nyumba zambiri zakale, ndi mchenga umene umabwera madzi akabwerera pambuyo posiya.

Koma chifukwa chimene anthu sachiganizira n'chakuti amene anaitsegula komaliza anaitsegula mpaka kumapeto n'kukanikizanso, poganiza kuti madzi azituluka ambiri. Potero spindle imakakamira kumwamba, chitsulo pa chitsulo, popanda kampata kosewerera. Zoyera zija zikabwera zimangomatiratu zonse pamodzi.

Yang'ananinso mtundu wa valavu yanu. Ngati chogwirira chake ndi chozungulira ngati gudumu, kawirikawiri chofiira, imeneyo ndi gate valve. M'kati mwake mulibe washala, muli kachitseko kamkuwa kamene kamatsika ndi kukwera. Imeneyi imafuna kusamala koposa chifukwa spindle yake imadukira m'kati mosaonekera.

Kumasula kwake

Ntchito iyi si ya usiku, si ya Lamlungu madzulo. Ichiteni m'mawa wa tsiku limene mashopu a hardware ali otsegula, mutatunga madzi okwanira tsiku lonse, ndiponso mutayesa kale valavu ya pa mita n'kuona kuti ikutseka. Ngati ya pa mitayo sikutseka, lekezani pomwepo mpaka a bungwe la madzi adzaikonze, chifukwa mukathyola yanu mudzasowa kothawira. Amene mukukhala nyumba ya lendi, auzeni kaye eni nyumba ndipo jambulani chithunzi cha mmene ilili musanaikhudze. Zikavuta pambuyo pake, pasadzakhale kulozana zala.

Yambani ndi kuyeretsa. Palani penti, dothi ndi zoyera zonse pa spindle ndi pa kanati kaja, ndi burashi ya waya kapena sandpaper. M'nyumba zakale opaka penti amangopaka ndi stopcock yomwe, ulendo ndi ulendo, moti nthawi zina chimene chagwira ndi penti chabe. Mukamapala, yang'anitsitsani mtundu wa mkuwawo. Wabwino umakhala wachikasu ndipo umawala. Ukaoneka wofiirira, wamabangamabanga, wotuluka ufa woyera, ndiye kuti madzi anadya zinc imene imaulimbitsa ndipo watsala wofumbutuka ngati njerwa yosapsa. Woterowo musavutike nawo, ufunika kusintha basi.

Ngati pali zoyera zambiri, nyowetsani kansanza mu viniga, kulungani pa spindle, kasiyeni ola limodzi kapena awiri. Viniga amasungunula zoyerazo. Kenako pukutani n'kumasula gland nut pang'ono chabe, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Nthawi zambiri ulusi wa m'kati umakhala utauma n'kugwira spindle ngati dzanja, ndiye kumasula kanatiko kokha kumatha kuthetsa vuto lonse. Pakayamba kudontha timadzi musade nkhawa, tcherani kambale.

Tsopano thirani mafuta omasulira zadzimbiri, monga WD-40, pamene spindle ikulowera mu kanatiko. Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, chifukwa amathira n'kuyamba kupotokola nthawi yomweyo. Mafutawo amafuna nthawi kuti alowerere. Thirani, dikirani theka la ola, thiraninso. Ine ikauma kwambiri ndimathira madzulo n'kudzayesa m'mawa. Musathire oyilo wa galimoto, parafini kapena brake fluid. Paipi imeneyi ndi ya madzi akumwa a ana anu, komanso ena mwa mafuta oterowo amawononga washala wa mphira.

Kutentha kumathandizanso, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma pang'ono ndipo zomatirira zija zimang'aluka. Kulungani nsanza pamutu pa stopcock n'kuthirapo madzi otentha a m'ketulo pang'onopang'ono. Moto weniweni ayi. Lawi limawotcha washala, limasungunula mtovu wolumikizira mapaipi a copper, limafewetsa mapaipi apulasitiki, ndipo mafuta amene mwathira aja amayaka. Mungathenso kugogoda thupi la stopcock mopepuka ndi chigwiriro cha sipanala, ngati mukugogoda chitseko cha munthu wodwala, osati kumenya ndi hamala.

Potembenuza, manja awiri onse ali ndi ntchito. Sipanala imodzi igwire thupi la stopcock kuti lisasunthe, ina igwire chogwirira. Mukapanda kugwira thupilo, mphamvu yanu yonse imapita pa mazinga a paipi, ndipo pa paipi yachitsulo yakale mazingawo ndi pamene pali popyapyala kwambiri, pomwenso dzimbiri limayambira kudya. Gwiritsani sipanala yaifupi. Chipaipi chowonjezera chija chisiyeni, chifukwa spindle ndi yamkuwa wofewa, yonenepa ngati pensulo, ndipo singapirire mphamvu ya munthu wamkulu atatsamira pa chitsulo chachitali.

Kankhirani kotsekera pang'ono, bwezerani kotsegulira pang'ono, kotsekera, kotsegulira. Poyamba simuona kusuntha kulikonse, mungomva ngati kakulira m'kati. Kenako isuntha pang'ono kwambiri. Musasangalale n'kuikakamiza kuti ithe yonse. Thiraninso mafuta, pitirizani kupita ndi kubwerera, ulendo uliwonse mukuwonjezera pang'ono, mpaka itseke yonse ndi kutseguka yonse. Mukaona kuti chogwirira chikutembenuka koma spindle pansi pake sikusuntha, kapena mkuwa wayamba kupotoka ngati chingwe, siyani msanga. Yatsala pang'ono kuthyoka.

Ikamasuka, mangani kanati kaja mpaka kudontha kusiye, pukutani mafuta onse, ndipo tsegulani mpopi wa panja kwa mphindi zingapo kuti zinyalala zimene zagwedezeka zituluke. Yambani ndi wa panjayo, chifukwa mukayamba ndi shawa kapena thanki ya chimbudzi, timiyala ta dzimbiri tikatseka timabowo take.

Yatembenuka, koma vuto lilipobe

Nthawi zambiri kumasula ndi chiyambi chabe. Chofala kwambiri ndi chakuti mwatseka mpaka kumapeto koma madzi akutulukabe ku mpopi. Musafulumire kunena kuti yawonongeka. Ngati muli ndi thanki padenga kapena pansanja, madzi amene mukuwaonawo angakhale ochokera m'thankimo, ndipo stopcock ilibe nawo mphamvu. Njira yodziwira ndi mita: mpopi uli wotsegula, yang'anani ngati manambala kapena kagudumu kake kakuyenda. Ngati kaima, stopcock yatseka bwino. Ngati kakuyendabe, washala anatha. Musakanikize mwamphamvu pofuna kuti itseke, mungokanda pamene washala amakhalira. Tsekani pa mita, tsegulani mpopi kuti madzi otsala atuluke, gwirani thupi ndi sipanala imodzi, masulani nati yaikulu ija, chotsani mutu. Washala ali pansi pake. Mutengeni wakaleyo popita ku hardware kuti akupatseni wofanana naye. M'nyumba zambiri ndi wa ½ inchi kapena ¾ inchi. Gwiraninso ndi chala pamene washala amakhalira. Pakakhala pokumbika, washala watsopano sakhalitsa, ndipo ndi bwino kungosintha stopcock yonse.

Chenjezo limodzi apa, chifukwa ndaona anthu zikuwachitikira. Madzi akasiya m'dera lonse, munthu amaganiza kuti wapeza mpata wabwino wochotsera mutu wa stopcock popanda kutseka pa mita. Madzi sauza munthu pobwera. Amabwera ndi mpweya ndi mphamvu, mutu uli m'manja mwanu, ndipo kuubwezera pa madzi othamanga n'kovuta kwambiri. Tsekani pa mita ngakhale mipopi ili gwa.

Pa gate valve, kusatseka bwino kumachitika chifukwa cha mchenga umene wadzaza m'kangalande momwe kachitseko kamakhalira. Tsegulani mpopi wa panja, tsekani valavuyo mpaka itatsala pang'ono kutsekeratu, dikirani kuti madzi othamanga pa kampatako akokolole mchenga, tsegulani, tsekaninso. Chitani kangapo. Koma ngati gudumu likungozungulira osafika pamapeto, spindle yaduka kapena mazinga ake atha, ndipo kachitseko katsala pomwe kanali. Imeneyo sikonzeka.

Kudontha pa spindle kukapitirira ngakhale mwamanga kanati, ulusi wa m'kati watha. Tsekani stopcock, tsegulani mpopi kuti mphamvu ithe, masulani kanatiko n'kukakwezera m'mwamba. Tengani thread tape, katepi kopyapyala kamene amakulunga pa mazinga a paipi, ipoteni ikhale ngati kachingwe, zungulizani pa spindle kangapo, ikankhireni m'kati ndi screwdriver yaing'ono, bwezerani kanati. Mangani mpaka kudontha kusiye basi. Mukamangitsa kwambiri mwayambanso kuiumitsa ndi manja anu.

Zimachitikanso kuti mwatsegula koma madzi sakubwera, kapena akubwera ofooka. Kachitsulo kamene kamanyamula washala kamatha kumatirira pakhomo, spindle n'kukwera yokha. Gogodani thupi mopepuka, mpopi wina uli wotsegula, kawirikawiri kamatakasuka. Ngati madzi afooka pa mpopi umodzi wokha, vuto si stopcock, ndi zinyalala zimene zakatseka kasefa ka mpopiwo.

Nthawi yongosintha

Maganizo anga ndi akuti stopcock imene yauma kawiri, kapena imene mkuwa wake wafiira, isinthidwe nthawi yomweyo, ndipo m'malo mwake muikemo valavu ya chogwirira chachitali, imene imatseka pongokhotetsa kamodzi. Ku hardware amaitchula ball valve kapena lever valve. Fotokozani bwino kuti mukufuna ya pa paipi, chifukwa dzina loti ball valve amatchuliranso chija cha mpira woyandama cha m'thanki. Ubwino wake ndi wakuti mwana kapena agogo angathe kutseka opanda sipanala, ndipo imaoneka ndi maso: chogwirira chikagona motsatira paipi ndiye kuti yatsegula, chikapingasa yatseka. Itsekeni mwapang'onopang'ono, chifukwa madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amamenya mapaipi, ndipo mapaipi akale salimba kumenyedwa. Musaisiye yotseguka theka pofuna kuchepetsa mphamvu ya madzi, imatha msanga. Posankha, nyamulani ziwiri m'manja muyerekeze kulemera. Zotchipa kwambiri zimapepuka chifukwa mkuwa wake ndi wopyapyala, ndipo zimang'aluka pomanga.

Amene mukufuna kubwezeramo stopcock ya mtundu wakale womwewo, onani kamuvi kamene kali pathupi pake. Kayenera kuloza kumene madzi akupita, kunyumba. Mukaiika mozondoka, madzi amakankhira washala pakhomo ndipo amadzitsekera okha.

Pa mapaipi achitsulo, ntchito yosinthayi ndi ya pulambala. Valavu imene ili pakati pa mapaipi awiri olimba simasuka pokhapokha pakhale union pafupi, cholumikizira chimene chimamasuka popanda kutembenuza paipi, apo ayi paipi idulidwe n'kudulidwanso mazinga atsopano. Muuzeni aikepo union kuti ulendo wina ntchito idzaphweke. Musadabwe akatsegula n'kupeza kuti paipi ya ½ inchi yatsala ndi kabowo kongokwana pensulo chifukwa cha dzimbiri, kapena mazinga akufumbutuka pomasula. Konzekeranitu ndalama ya kachidutswa ka paipi ndi zolumikizira. Ndipo pali chinthu china chimene mapulambala ena sachilabadira: m'nyumba zina zakale waya wa earth, wothawitsira magetsi otayika pansi, anamangiriridwa ku paipi yachitsulo ya madzi. Mukaona waya womangidwa pa paipiyo ndi kachitsulo, musauchotse, ndipo musalole kuti pakati paikidwe paipi yapulasitiki wamagetsi asanaone. Earth ikaduka, giza ikadzawonongeka, munthu angagwidwe ndi magetsi pongokhudza mpopi wa m'bafa.

Kuti isadzaumenso

Mukatsegula stopcock kapena gate valve, tsegulani mpaka kumapeto kenako bwezerani theka la kuzungulira kumodzi. Madzi sachepa ndi pang'ono pomwe, koma spindle imatsala ndi kampata kosewerera mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lina ikadzayamba kulimba mudzakhala ndi kogwedezera. Miyezi itatu iliyonse itsekeni yonse ndi kuitsegulanso kawiri. Ine ndimachita zimenezi m'mawa, ndipo ndimapezerapo mwayi woyang'ana mita mipopi yonse ili yotseka. Ikamayenda ndiye kuti penapake pansi pakutayika madzi amene ndikulipira.

Ngati ili panja, imangireni kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro, pansi muthire miyala kuti madzi a mvula asamaime. Dzinja limodzi ndi lokwanira kuti dothi liikwirire ndipo udzu umere pamwamba. Opaka penti akabwera, ikulungeni ndi pepala. Kenako itanani onse a m'nyumba, ana okulirapo ndi wantchito yemwe, muwaonetse pamene ili, pamene pali ya pa mita, ndi mbali yotsekera, aliyense ayese ndi dzanja lake. Kwathu ndinajambula kamuvi ndi penti yofiira pakhoma pamwamba pake, ndipo sipanala yaifupi ndi malegeni zimakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.